Majanti a Alamu Anga

1

Amene mumadutsa pa Mandimba mwina munaonapo bolacharia, malo okonzera matayala, ya bambo anga, a Yakobo, m'mbali mwa msewu wopita ku Cuamba, pamene paima tayala la thirakitala lopakidwa laimu. Ine ndine Ilda, mwana wawo wachiwiri, amene madalaivala a shapa, maminibasi akwathu kuno, amamutcha Dotora. Sindine dokotala wa chilichonse. Ndinaphunzira zaulimi zaka zinayi, ndinavala mkanjo, ndinajambulitsa, kenako ndinabwerera kwathu kudzadikira ntchito. Ntchitoyo ikuoneka kuti inasochera panjira.

Zimene ndikuulula pano zinachitika sabata la ukwati wa mkulu wanga. Munthu wosalakwa anachotsedwa ntchito ine ndikuona, ndipo ndinakhala chete masiku awiri athunthu. Wolakwayo ndimutchula, koma lezani mtima, popeza nanenso ndinachedwa kumutchula.

Pa bolachariapo tinalipo atatu. Bambo ankalamula. Samuele, mmisiri wawo wochokera ku Massangulo ku Ngauma, ankagwira ntchito. Ine ndinkakhala pampando.

"Iwe ndi matayala, ayi," anatero bambo tsiku loyamba. "Sindinalime fodya zaka zonse zija kuti mwana wanga azinunkha mphira. Uziyankha foni, uzisunga makiyi a anthu, basi."

Samuele anali atagwira ntchito kwa bambo zaka zisanu ndi zinayi. Anali wosakwatira, wamanja akuluakulu, ndipo mawu ankawatulutsa ngati amachita kugula. Chuma chathu chachikulu chinali m'manja mwake: makina obalansira matayala amene bambo anagula ku Nampula msewu wathu utangoikidwa phula. Kale pa msewu wafumbi panalibe wodandaula kuti chiwongolero chikunjenjemera, chifukwa galimoto yonse inkanjenjemera pamodzi ndi mano a okwera. Phula litafika, aliyense anayamba kumva matenda a galimoto yake. Umamanga tayala pamakinapo, makinawo amalizunguza, kenako amaonetsa mbali imene yapepuka. Pamenepo umakhomera kachitsulo ka mtovu m'mphepete mwa janti, chitsulo chozungulira chija chimene tayala limavala. Go, go, go, ndipo shapa imayenda ngati yadzozedwa mafuta.

2

Mana Tina, mkulu wanga, ankakwatiwa ndi a Mateus, ogwira ntchito ku njanji ku Cuamba. Alamu angawa ndi munthu wabwino, sindingawanamizire. Samwa, satukwana, akafika amagwada popereka moni kwa mayi. Koma asanalowe m'nyumba amayamba atulutsa mpango m'thumba, n'kugwadira kaye galimoto yawo.

Galimotoyo si yachilendo. Chachilendo chinali majanti ake: akuda bii, owala ngati galasi, ndi mzere wagolide m'mphepete. Anachita kuitanitsa kutali ndipo anawadikira miyezi itatu. Ku Cuamba konse kunalibe ena otero, ndipo ana asukulu ankaima kudziyang'anirapo nkhope.

"Ine ndikukalowa mitala," ankatero mana Tina. "Akazi aakulu alipo kale anayi. Ine ndine wachisanu, wophika."

Ukwati unali Loweruka, ndipo galimotoyo ndi imene inkadzanyamula akwati kuchokera kutchalitchi. Lachiwiri m'mawa alamu anafika nayo pa bolacharia.

"Bambo, ikangothamanga pang'ono chiwongolero chikuvina," anatero. "Sindifuna mkwatibwi afike kumadyerero mano akugundana."

"Zochepa zimenezo, mwananga. Samuele akonza," anayankha bambo. Iwo anali atakwera kale njinga yamoto, ulendo wa ku Nyanja ya Amaramba kukagula nsomba za alendo.

Alamu anandipatsa makiyi ngati akundisiyira khanda. "Mlamu, muwauze amisiri asamale majanti. Ngakhale ntchentche isaterepo."

"Ntchentche tiziuza," ndinatero.

Anapita ndi amalume awo kukayesa masuti kwa telala. Pofika madzulo galimoto inali itaima pamthunzi, matayala onse anayi atabalansidwa, itatsukidwa bwino, mzere wagolide ukunyezimira kuposa mmene unabwerera.

3

Lachitatu m'mawa alamu anabwera ndi amalume awo aja, omwenso anali nkhoswe yawo, bambo wamtali wokonda kulankhula manja ali kumbuyo. Anakwera, anathamangitsa galimoto mpaka kumlatho, n'kubwerera akuseka.

"Epa! Ngati ndege! Amisiri, manja anu ndi odala!"

Atatero anatulutsa mpango uja, n'kugwada pa tayala lakutsogolo. Kuseka kunathera pomwepo.

"Ichi n'chiyani?"

M'mphepete mwa janti munali kachitsulo ka mtovu kokhomedwa, kopakidwa utoto wagolide kuti kabisale mumzere uja. Pambali pake panali mabala awiri pamene hamala inaphonya, nawonso opakidwa. Alamu anakanda ndi chikhadabo, utotowo unamatuka, ndipo chitsulo choyera chinaonekera ngati fupa. Anakwawa ndi maondo kupita pa tayala lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Ponse panali chimodzimodzi. Pa lachinayi anangokhala pansi pafumbi, thalauza lositasita lija osalikumbukira.

"Mayo ine," anatero motsitsa. "Onse anayi."

Bambo anawerama, anayang'ana, ndipo mitsempha inatuluka pakhosi.

"Samuele! Majanti a aluminiyamu amakhomedwa? Kuyambira liti? Awa timamata tizitsulo ta guluu m'kati, kosaoneka, ndipo hamala siyandikira n'komwe! Zaka zisanu ndi zinayi, lero waona ngati ndi shapa yonyamula mbuzi? Ndiye n'kupakapo utoto kuti tisaone?"

Madalaivala amene ankadikira pamzere anasonkhana. Amalume aja anatsokomola, manja ali kumbuyo.

"Ife sitinena zambiri," anatero. "Tikungoona mmene katundu wa mkamwini amasamalidwira pakhomo pano. Kaya mwiniwakeyo adzasamalidwa bwanji."

Mawu amenewo ndiwo anamaliza zonse, chifukwa bambo anga akhoza kupirira njala koma osati manyazi pamaso pa asewere.

Samuele anagwada pa tayalalo. Anakanda utoto uja pang'ono, n'kuununkhiza. Kenako anaimirira.

"Ndine, bambo. Ndinalakwitsa."

"Tenga zako uzipita. Sindifuna kukuonanso pano."

Anasamba m'manja, anakulunga masipanala ake m'chiguduli, n'kukwera shapa ya ku Lichinga imene imadutsa kwawo. Ine ndinali pampando wanga, dzanja lamanzere lili m'kati mwa kapulana, chitenje chimene ndinamanga m'chiuno. Sindinatsegule pakamwa.

4

Lachinayi kunyumba kunadzaza azakhali ochokera ku Ngauma ndi ku Lúrio, aliyense ndi maganizo ake a kaphikidwe ka mpunga. Ku bolacharia kunali maliro opanda mtembo. Bambo ankagwira okha ntchito ya Samuele, ndipo pofika masana ankayenda atagwira msana. Manambala a pamakina sankawaona bwino popanda magalasi, magalasiwo anali atawaiwala kunyanja.

"Ilda, apa palembedwa chiyani?"

"Makumi awiri ndi zisanu, bambo. Mbali yakunja."

"Sindinakufunse mbali."

Madalaivala ankandiyang'ana mwachilendo, ena n'kumapukusa mutu. Ine ndinkayang'ana foni, ngati kuti ntchito ija yandipeza tsiku lomwelo.

Lachisanu m'mawa ndinali kuchipinda ndikusita diresi la mana Tina, iwo akukhuthula mabokosi onse.

"Utoto wanga wa zikhadabo uli kuti? Wagolide uja ndinagula ku Nampula, wofanana ndi nsapato?"

"Mwina azakhali," ndinatero.

"Azakhali ake ati? Amene zikhadabo zinathera kumunda?"

Anatenga chikwama changa, anachitembenuza pabedi, ndipo kabotolo kanagubuduka. Anakakweza powala. Munalibe ngakhale dontho. Anayang'ana zala zanga zakumanja, zopanda utoto, ndipo ndinaona maso awo akuwerengera zinthu.

"Ilda. Tandionetsa dzanja linalo."

"Ndikusita, mana."

"Ika simbi pansi."

Ndinatulutsa dzanja lamanzere. Chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitada bii, chotupa, chizindikiro chimene aliyense wobadwira pa bolacharia amachidziwa: pamene hamala yaphonya chitsulo n'kupeza mwini wake.

5

Inde, owerenga, ndinali ine.

Kwa miyezi isanu ndi iwiri, bambo akapita kukagona masana, ndinkavala malaya akale n'kuima pamakina. Ndinachita kumukakamiza Samuele kuti andiphunzitse, chifukwa kukhala pampando kunkandidwalitsa. Anandiphunzitsa kumanga tayala, kuwerenga makina, kusankha kachitsulo ndi kukakhoma katatu. Ndinabalansa matayala a shapa, a mapikapu onyamula fodya, ngakhale a ambulansi. Onsewo anali ndi majanti achitsulo wamba, amene ungawamenye tsiku lonse osadandaula. Galimoto ya majanti odula inali isanabwerepo pa nthawi yanga ya masana, choncho za tizitsulo tomata ndinali ndisanazimvepo.

Lachiwiri lija, bambo atangonyamuka, Samuele anaitanidwa kukathandiza lole imene inaphulitsa matayala awiri panjira ya kumalire. Anandiuza kuti galimoto ya alamu imudikire. Koma ine ndinkafuna kuti Loweruka, mkulu wanga akamadutsa m'tauni mwaulemerero, ndizidziwa mumtima kuti akuyenda pa ntchito ya manja anga.

Pa tayala loyamba kachitsulo kanakana kugwira. Ndinamenya mwamphamvu, hamala inaterereka, utoto wakuda unathetheka. Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Ine, wa dipuloma, ndinaganiza kuti lachiwiri ndiligwira bwino popeza ndaphunzirapo. Pa lachitatu ndinadzimenya chala. Pa lachinayi ndinkalira, koma ndinamaliza. Kenako ndinathamangira kunyumba kukaba kabotolo kaja. Samuele atabwera madzulo, wotopa, ndinamuuza kuti ndamaliza. Anangoyang'anira patali n'kunena kuti ndikanadikira, koma poti zatha, zatha.

Mana Tina anamvetsera zonsezi atagwira pakamwa. Kenako anagwera pabedi n'kuyamba kuseka mpaka misozi.

"Wapaka akazi anzanga utoto wa zikhadabo! Iwe mwana iwe! Ndiye awala kuposa mkwatibwi!"

Ataseka mokwanira anakhala tsonga, nkhope itasintha.

"Koma Samuele ali kwawo chifukwa cha iwe. Mayi ake amadya za manja ake, ukudziwa. Ine sindivala diresi ili mawa munthu akulira kumudzi chifukwa cha bodza la m'nyumba mwathu. Ukanena wekha, kapena ndikanene ine?"

"Bambo andipha."

"Akupha mawa ukwati ukatha. Lero alibe nthawi. Nyamuka."

6

Ndinawapeza bambo akulimbana ndi tayala la pikapu, thukuta lili kamukamu. Alamu ndi amalume awo analiponso, akukambirana ngati maluwa apepala angabise mabala a majanti. Madalaivala anayi anali pabenchi. Ndinaganiza zowaitanira bambo pambali, koma Samuele anachotsedwa pamaso pa anthu, ndiye zanganso zinayenera kumveka pomwepo.

"Bambo, majanti a alamu ndinakhoma ndine. Samuele kunalibe. Utoto uja ndi wa zikhadabo, wa mana Tina."

Bambo sanatembenuke n'komwe. "Usanditayitse nthawi. Ukufuna kumupulumutsa mnzakoyo. Iwe sudziwa ngakhale kogwirira hamala."

Ndinawaonetsa chala.

"Chinakupana ndi chitseko chimenecho," anatero.

Pamenepo a Cláudio, dalaivala wa shapa ya ku Cuamba, anavula chipewa n'kukanda mutu.

"Pepani bambo Yakobo, tisakubisireni. Matayala a shapa yanga amabalansa ndi Dotora kuyambira mvula ija."

"Yanganso," anatero wina.

"Ife timachita kusankha kubwera masana," anawonjezera wachitatu. "Dzanja lake ndi lopepuka, ndiponso satikalipira."

Bambo anaimirira pang'onopang'ono, anayang'ana benchi lonse, kenako ine. "Ndiye kuti Mandimba yense amadziwa, kupatula mwini bolacharia?"

"Mumakhala mukugona, bambo," anatero a Cláudio mwaulemu.

Ndinatembenukira kwa alamu n'kugwada. Ndinawauza kuti ndinalakwa kawiri, powononga ndi pobisa, ndipo kuti ukwati ukatha ndidzaperekeza majantiwo ndekha kwa wopenta ku Cuamba. Alamu anayang'ana majanti awo nthawi yaitali, ngati munthu wotsanzika pa siteshoni.

"Mlamu, mwandipweteka," anatero. "Usiku wa dzana sindinadye." Anapumira m'mwamba. "Koma chilungamo chake, siikunjenjemera ngakhale pang'ono. Dzukani. Munthu uja abwerere ntchito, ine sindifuna kulowa m'banja ndi tsoka la wina."

Amalume aja anatsegula pakamwa kuti anenepo kanthu, koma alamu anati, "Amalume, zakwana," ndipo manja aja anabwerera kumbuyo.

Bambo anakhala pa tayala. Sanandikalipire, chimene chinandiwawa kuposa kukalipa.

"Wamuthamangitsa ndiwe," anatero. "Ukamutenge ndiwe. Cláudio, mukwezeni shapa ya ku Lichinga."

7

Ku Massangulo ndinafika dzuwa litapendeka pang'ono. Ndinafunsa kwa a Samuele amatayala, ndipo amayi atatu ogulitsa tomato anasiya malonda n'kundiperekeza, osati chifukwa njira inali yovuta. Ndinamupeza pabwalo akumata chubu cha njinga ya munthu. Mayi ake, mayi Elena, ankatonola chimanga pamkeka.

Nditapereka moni ndinati, "Mayi, ndabwera kudzatenga a Samuele."

Mayiwo anasiya chimanga, anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Kudzatenga? Mwanawe, kuno mwamuna amachoka pamudzi kutsata mkazi wake, akakhale mkamwini. Ndiye ankhoswe ako ali kuti? Kapena masiku ano ophunzira mumangobwera nokha pa shapa?"

Amayi a tomato aja anaombera m'manja. Ine nkhope inatentha.

"Ndi za ntchito, mayi."

"Eya, zonse zimayamba ndi ntchito," anatero, n'kubwerera ku chimanga chawo, makutu ali kwa ife.

Ndinamuuza Samuele kuti ndaulula zonse, pamaso pa bambo, alamu ndi madalaivala omwe aja. Iye anapitiriza kupaka guluu pachubu.

"Mwachedwa, Dotora. Ku Lichinga kuli munthu wandiitana. Ndiyamba Lolemba."

Panjira ponse ndinkaganiza kuti ndikangonena pepani, anyamula chiguduli chake. Sindinaganizepo kuti mmisiri ngati iyeyo sakhala masiku awiri osafunidwa.

"Munanamiranji?" ndinafunsa. "Munanunkhiza utoto uja, munadziwa."

"Ndinakuphunzitsani kukhoma, koma sindinakuphunzitseni pamene sipakhomedwa. Mlandu ndi wa mphunzitsi."

"Chifukwa chake n'chimenecho basi?"

"Limenelo ndi theka."

"Nanga theka linalo?"

Anayang'ana kumkeka. "Linalo silinenedwa mayi ali pomwepo."

"Ine ndine gonthi!" anakuwa mayi Elena.

Samuele anaseka, koyamba chifikireni changa, koma anabwerera msanga pa nkhani. Anati sanakwiye ndi ine kwenikweni, ngakhale ankayembekeza kuti ndilankhula shapa isananyamuke. Chimene chinamuwawa n'chakuti bambo anakhulupirira msanga kuti iye, patatha zaka zonsezo, angakhome janti lotero n'kubisa ndi utoto. Sanafunse ngakhale kawiri.

Ndinangoimbira bambo foni, n'kumupatsa. Mawu a bambo ankamveka bwalo lonse, chifukwa iwo amakhulupirira kuti foni imafuna kukuwa.

"Samuele! Ndi Yakobo! Ndinalakwa, wamva? Ndinakuweruza ngati mlendo. Ndanena pamaso pa anthu kuno, ndikunenanso kwa iwe. Bwera, mwananga, msana wanga watha!"

Samuele anaika chubu chija pansi, foni ili kukhutu.

"Ndamva, bambo. Ndibwera. Koma pali chimodzi. Dotora azigwira ntchito poyera, m'mawa, inu muli maso. Ndimalize kumuphunzitsa, asadzaphenso majanti a anthu."

Bambo anakuwanso pafoni paja. "Aphe, asaphe, nanga ine ndinenanji? Bwerani nonse, mbuzi sizinasendedwe."

Mayi Elena anatipatsa nkhuku yamoyo ya akwati, ndipo pondipatsira anandinong'oneza kuti ulendo wina ndisadzabwere ndekha.

8

Loweruka galimoto inanyamula akwati, mabala ake ali poyera, chifukwa alamu anakana maluwa apepala. Palibe mlendo ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana pansi. Onse ankayang'ana mana Tina. Lolemba Samuele anatsegula bolacharia monga mwa masiku onse, ndipo chinthu choyamba chimene anandionetsa chinali kabokosi ka tizitsulo tomata, kamene kanali pashelefu pamwamba pa mutu wanga miyezi yonse ija. Za theka lina lija anandiuza patapita milungu itatu, koma zimenezo si za m'magazini.

Owerenga anzanga, majanti anapentedwanso ndipo lero simungadziwe pamene panali bala. Chimene sindinathe kupenta ndi Lachitatu lija. Ndimakumbukirabe munthu akusamba m'manja, akukulunga masipanala ake mosafulumira, kundipatsa nthawi yoti ndilankhule, ine ndili phee pampando. Kuwononga kunali ngozi ya munthu wodzikhulupirira. Kukhala chete ndinachita kusankha, ndipo m'mawa uliwonse ndinkasankhanso. Ine ndinachita mwayi, ndinamupeza akadali kwawo. Ndikanadikira kuti ukwati uthe kaye, monga ndinkadziuzira, Lolemba akanakhala ali ku Lichinga.

Ngati pali wina amene akusenza mlandu wanu lero, musadikire kuti mkulu wanu akhuthule chikwama. Shapa yoyamba imanyamuka m'mawa. Kwerani imeneyo.